Bulangete la a Miriamu

Ndinadzuka kusanache, ndinachotsa bulangete pabedi pa a Miriamu, ndinalipinda n'kuliika m'jumbo. Kunja mvula ya ku Liverpool inkawaza. Pabwalo panalibe moto, panalibe nyimbo. Thupi la apongozi anga a Miriamu, mkazi wa mwana wanga Limbani, silinagone m'nyumba. Linali kwa anthu a kusunagoge kwawo, munthu mmodzi akuliwerengera Masalimo. Iwo anali Myuda, ndipo Ayuda sachedwa kuika. Kumwalira dzulo, lero kumanda.

Bulangetelo anasoka okha ndi manja, kulumikiza tizigamba. Pakati panali nyenyezi ya Davide. M'mbali munali zidutswa za nsalu imene inawaphimba pamwamba tsiku la ukwati, za kansalu kovundikira buledi wa Sabata, ndi za chitenje cha malemu mkazi wanga. Ankasoka tsiku lililonse kupatula la Sabata. Matenda atakula ankasokera pabedi.

Kwathu munthu sapita m'dothi wopanda chofunda. Mapemphero awo sindiwadziwa, Chingerezi changa n'cha kuntchito yonyamula katundu. Chimene ndikanatha n'chimodzi, kuwafunditsa.

Kumanda anthu anafika ambiri, makoti akuda. Manesi a kwathu anabwera ndi nkhata za maluwa, anauzidwa kuti azisiye m'galimoto. Anaima kumbuyo, nyimbo zili pakhosi. Limbani ndi asewere anga, mayi a malemu, anang'amba zovala zawo pachifuwa monga mwa mwambo. Bokosi linali la matabwa osapaka kanthu, lotsekedwa kale.

Ndinapita kwa bambo woyang'anira mwambo n'kutulutsa bulangete. Anapukusa mutu mwaulemu. Ndinaitana Limbani.

"Uwauze kuti pansipo pazizira."

"Adadi, sizitheka. Onse amapita ndi nsalu yoyera basi, olemera ndi osauka omwe."

"Anasoka okha akazi akowo."

"Ndikudziwa, adadi. Chonde, lero lokha ayi."

Ndinalibweza m'jumbo.

Tinayenda pambuyo pa bokosi, kuyenda, kuima, kuyendanso, jumbo ili m'khwapa. Padzenje aliyense ankathira dothi ndi fosholo yotembenuza, chakumsana kwake. Ndinaona ngati sadziwa ntchito. Ndinaigwira monga tigwirira kwathu, ndinathira yodzaza. Limbani anandinong'oneza kuti amatembenuza dala, kusonyeza kuti sakufuna kusiyana naye munthuyo. Dothi langa linali litagwa kale.

Madzulo anthu anabalalika. Magalasi a m'nyumba anali ophimbidwa, kandulo ikuyaka patebulo. Limbani anakhala pa kampando kakafupi, malaya ake ong'ambika. Asewere anatenga jumbo ija, anayala bulangete pamaondo, anayamba kuloza. Limbani ankamasulira. Apa ukwati. Apa amayi ake a Limbani. Kenako analoza pakona, chigamba cha buluu, moyandikana ndi chidutswa cha malaya a malemu amuna awo.

"Akuti apa ndi inuyo, adadi."

Inali kolala ya malaya anga a kuntchito. Ndinawafunafuna chaka chatha, mpaka ndinakalipira Limbani kuti wataya. Singano inali ikadali pomwepo, ulusi ukulendewera.

"Akuti Miriamu ankasokera inu. Mumadandaula kuzizira."

Asewere analinyamula kuti andipatse. Sindinalilandire. Ndinatenga chipewa, ndinatsegula chitseko, n'kutuluka mumvula.