Mitengo ya Kunja kwa Malire

Ndine munthu amene ndinapatsidwa chipewa ndi jombo kuti ndiziteteza mitengo, koma ndine yemwenso ndinadulitsa mitengo imene inkasunga manda a amayi anga. Inu owerenga, ndikulemba izi ndi manyazi, ndipo mukandiweruza sindikana.

Kwathu ndi ku Nyalugwe, m'boma la Nyimba. Amayi anafika nane kuno ndili kumsana pothawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo anzathu atabwerera ife tinatsala. Atamwalira tinawaika kumanda a m'mudzi, m'mbali mwa kamtsinje komwe kunali mikuyu ndi mibawa yowirira.

Boma litalola makampani akunja kugwira ntchito momasuka, kunabwera ina yonena kuti dziko likutentha ndi utsi wa mafakitale, choncho nkhalango yathu isadulidwe kuti izimeza utsiwo. Anapaka penti yofiira pamitengo kuzungulira dera lalikulu, nati makina awo akumwamba aziona mtengo uliwonse wogwa m'kati mwa malirewo. Ine anandilemba ulonda. Abale, ndinkayenda ngati dziko ndi langa! Mlongo wanga ankandiseka kuti tsiku lina ndidzasamba jombo zili kuphazi.

Vuto linali owotcha makala. Anali anzanga okulira limodzi, ndipo matumba awo ankakagulitsa kumsewu waukulu ku Kacholola kuti ana adye, poti chimanga chinkangopsa ndi ng'amba. Kuwagwira mtima sunkalola, kuwalekerera ntchito ikanandithera. Tsiku lina ndinapeza a Tembo, mkulu wawo, akunola nkhwangwa pafupi ndi penti ija. Sanathawe. Anangondiyang'ana nati, "Manje malasha tikaotchele kuti, bwana mulonda?"

Apa m'pamene ndinadziona wanzeru. Ndinawauza kuti kampani imawerenga mitengo ya m'kati yokha, ya kumtsinje ili kunja kwa malire, akadule kumeneko. Ndinangowachenjeza kuti asakhudze ya pakati pa mitumbira, monga mwa mwambo wathu. Anamveradi. Anasiya ya pamanda penipeni, n'kupulula yonse ya m'gombe imene mizu yake inkagwira dothi. Utsi wa mauvuni awo ndinkauona tsiku ndi tsiku, osadandaula. Pamsonkhano akuluakulu a kampani anandiimiritsa n'kundiyamikira kuti m'dera langa simunagwe mtengo ndi umodzi womwe, ine mano onse pamtunda.

Kenako mvula yomwe tinkailirira ija inabwera yonse pakamodzi, kugwa masiku angapo osakata. M'mawa wina mlongo wanga anafika akuthamanga, chitenje chili matope okhaokha, n'kundikodola kuti tipite kumanda. Ndinamutsatira. Gombe linali litagumuka, mzere wonse wa manda a kumapeto utapita ndi madzi. Pomwe panagona amayi panali chiphompho, madzi ofiira akudutsa pansi.

Tinatsata mtsinje mlungu wathunthu, a Tembo ndi anzawo ali nafe, tikufukula mchenga ndi makasu. Tinangopeza mtanda wachitsulo wa pamtumbira wa amayi utakodwa m'mabango. Mlongo wanga sanandilalatire, ndipo bola akanatero. Ananyamula mtandawo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Alongosi, amai anathawa nkhondo kuti akagone pamalo amodzi. Lelo ali kuti?" Ndinalira ngati mwana, pamaso pa anthu onse.

Akuluakulu a tchalitchi ndi a m'mudzi anati tichite monga zimakhalira munthu akasowa m'madzi. Tinadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kukaliika m'manda atsopano kumtunda. Ndinaponya dothi langa ndikudziwa bwino lomwe chimene ndikukwirira.

Kampaniyo sindiisenzetsa mlandu wonse. Nkhalango yake ilipo, yobiriwira bwino, ndipo pakamwa polozera anthu kumtsinje panali panga. Koma inu owerenga, akabwera kwanu ndi penti yawo alandireni, kenako muwafunse kuti amene amadyera m'nkhalangomo alowera kuti, chifukwa njala siona penti. Musadzaganizenso ngati ine kuti mtengo umene alendo sakuuwerenga ulibe ntchito. Yendani kaye muone chimene mizu yake yagwira.

Chaka chilichonse, pa tsiku lokumbukira akufa, timapita kukalambula kumanda. Mlongo wanga amagwada pamtumbira watsopano uja n'kuyamba kupemphera. Ine ndimangoima kumbuyo kwake khasu lili m'manja, chifukwa mpaka lero sindidziwa koti ndigwade.