Tsiku Limene Tabuleti Inadzaza ku Manyamula

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mnzanga wa kusekondale. Ananditumizira uthenga woti bungwe lina lothandiza alimi ku Mzimba likufuna anthu olemba mayina pa tabuleti. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo kumpoto ndinali ndisanapondeko. Bambo anga anali atangomwalira kumene, pakhomo pali zii, ndiye ndinangokwera basi.

Pa Boma ndinapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Chitumbuka sindinkachimva. Anzanga a kuntchito akamaseka, ine ndinkamwetulira mochedwa, nkhani itapita kale. Lamlungu ndikachoka kutchalitchi, tsiku limatha osalankhulanso ndi munthu.

Woyang'anira wathu anali a Jere, bambo wa mawu ochepa. Pondipatsa tabuleti, chaja ndi pawabanki anati, "Chithunzi chopanda dzina ndi zinyalala, mama. Mukajambula, chipatseni dzina pomwepo."

Mlimi aliyense ndinkamujambula nkhope, chiphaso chake cha unzika mbali zonse ziwiri, ndi fomu imene wasaina kapena kudinda chala. Zithunzizo zinkagwera mu foda ya kamera zili ndi mayina a manambala okhaokha. Ndinkatsegula pulogalamu ya mafayilo, n'kusintha dzina lililonse kuti liyambe ndi mudzi kenako dzina la mlimi, n'kuzisamutsira mu foda ya kalabu yake. Lachisanu tinkatumiza zonse ku likulu kudzera pa intaneti ya ku ofesi. Zikafika uko m'pamene tinkaloledwa kuzifufuta mu tabuleti.

Munalinso foda ina imene ndinaitcha "Kwathu". Foni yanga itayamba kumazima yokha, a Jere anandilola kusamutsira mavidiyo anga mu tabuletimo. Ambiri anali a bambo: akuyimba mu kwaya, akulankhula pa chinkhoswe cha mchemwali wanga, akukalipira mbuzi m'dimba la mbatatesi. Posakhalitsa foniyo inaferatu. Ndikaweruka ndinkatsamiritsa tabuleti ku ketulo n'kumadya ndikuonera bambo.

Sabata ina intaneti ya ku ofesi inavuta, moti sitinatumize chilichonse. Lolemba lotsatira ananditumiza ndekha ku Manyamula, ndipo linali tsiku lomaliza kulemba oti adzalandire mbewu chaka chimenecho. Ndinapeza alimi atakhala pakhonde la tchalitchi, njinga zili mbwee pansi pa mtengo. Ena anali atachokera kutali kwambiri.

Dzuwa litapendeka, anthu akadalipo ambiri, kamera inakana kujambula. Tabuleti inalemba kuti malo atha. Ndinafufuta zithunzi zosaoneka bwino ndi zobwerezeka. Ndinalowa mu foda ya zinyalala n'kukhuthula, chifukwa fayilo imene ili m'menemo imadyabe malo. Malowo anakwanira anthu ochepa, tabuleti n'kudzazanso. Ndinayesa kuimbira a Jere pa foni yobwereka, osapezeka. Nditasanja mafoda kuyambira waukulu, pamwamba penipeni panali "Kwathu".

Ndinauza anthu kuti andidikire pang'ono, ndinazungulira kuseri kwa tchalitchi n'kukhala pa njerwa. Ndinasankha foda yonse, chala chili pa kufufuta, koma sichinathe kutsika.

Anandipeza pamenepo ndi a NyaTembo, mayi wachikulire amene anali wapampando wa kalabu ina. Anandifunsa m'Chichewa chawo chosakaniza, "Mwana wane, mwadwala?"

Ndinawafotokozera. Kanali koyamba kuuza munthu wa ku Mzimba kuti bambo anga anamwalira. Anapempha kuti awaone, ndipo ndinawatsegulira vidiyo ya m'dimba ija. Anaonera mpaka kumapeto, naseka pamene bambo ankathamangitsa mbuzi.

"Anali okalipa chomene adada anu," anatero.

Kenako anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa kafoni kawo ka mabatani, n'kuchotsa batire. Munali memori khadi ya nyimbo za kwaya. "Ikani umu. Mbwenu mudzandibwezera mukadzabweranso."

Ndinatsegula kabowo ka khadi ka pa tabuleti ndi phini wa m'chitenje chawo. Khadiyo inali yodzaza pafupifupi yonse, ndipo malo otsala anangokwana vidiyo imodzi. Iwo anati ndifufuteko nyimbo zawo, koma ngakhale ndikanafufuta zonse, khadiyo inali yaing'ono. Ndinasankha ya m'dimba, chifukwa ndi m'mene bambo ankalankhulira masiku onse. Ndinaikopera, n'kuitsegula kuchokera pa khadi kuti nditsimikize kuti ikusewera. Zotsalazo ndinafufuta, n'kukhuthulanso zinyalala. A NyaTembo anakhala pambali panga mpaka nditamaliza.

Tinabwerera kukhonde, ndipo ndinalemba onse mpaka womaliza. Pa kabaza wobwerera ndinalira njira yonse, wopalasayo osacheuka.

Vidiyo ya chinkhoswe ndinadzaipezanso kwa mchemwali wanga. Ya kwaya ija panalibe wina amene anali nayo, ndipo mawu a bambo akuyimba sindinawamvenso. Khadi ndinakabweza mwezi wotsatira, nditagula yanga. A NyaTembo sanandilole kubwerera tsiku lomwelo. Ndinagona kwawo, ndipo kuyambira pamenepo masiku ena a Lamlungu ndinkakwera kabaza kupita ku Manyamula popanda ntchito.

Pano ndimaphunzitsa achinyamata olowa kumene ntchitoyi. Ndimawauza kuti asananyamuke aone malo otsala mu tabuleti, ndipo chinthu chimene sangapirire kuchitaya asachisunge malo amodzi. Ndimawauzanso kuti zikawathina kumudzi kwa eni, azinena. Ine ndikanapitiriza kukhala chete kuseri kwa tchalitchi kuja, bwenzi lero ndilibe ngakhale vidiyo imodzi imene bambo akulankhula ngati ali pakhomo.