Mkamwini Amene Anabweza Apongozi Pakhomo

Inu amene mukulera mwana wodwaladwala, imvani za a Petulo a ku Mphunzi.

Mwana wawo Pilira anagonekedwa m'chipatala katatu chaka chimodzi. Zilonda m'kamwa, thupi moto, chakudya osachifuna. Kumunda mbatatesi inapsa ndi chiwawu poti panalibe woisamalira.

Atamuyeza magazi, adokotala anati, "Asilikali a m'thupi mwake achepa kwambiri, kachimfine kokha kakhoza kumugwetsa. Mankhwala asadumphitse. Madzi owiritsa, chakudya chopsa bwino. Aliyense azisamba m'manja, wotsokomola asamuyandikire. Thupi likangotentha, thamangirani kuno."

A Petulo, munthu amene ankangopukutira manja pa buluku, anaimika mpondagiya wosambira m'manja ndi sopo pakhomo. Ngakhale akatekisiti atabwera kudzapemphera, anasambitsidwa asananene "M'dzina la Atate." Anthu ankaseka, amvekere, "Abwera azaumoyo!"

Koma a Petulo anali mkamwini pamudzipo. Tsiku lina akazi awo ali kudimba, apongozi aakazi, a Magadalena, anatulukira ndi mapichesi a mdzukulu, akutsokomola ngati chigayo cha dizilo. Nanga mkamwini n'kulankhula ndi apongozi maso ndi maso?

A Petulo anagwada, nkhope kukhoma, n'kuyamba kuuza mbuzi inali pakhonde.

"Iwe mbuzi, auze amayi kuti lero salowa."

"Iwe mbuzi," anayankha a Magadalena, "muuze mkamwiniyo kuti dothi wagwadapolo ndi langa."

"Mbuzi, dothi ndi lawo ndithu. Koma chifuwacho chikalowa, mdzukulu wawo tikamugoneka m'dothi lomwelo."

Agogowo anatula mapichesi pansi n'kubwerera, ndipo mpaka chifuwa chinatha ankangomubayibitsa Pilira ali chapatali.

Sikuti zinangoyenda. M'mawa wina thupi la Pilira linatenthanso, a Petulo anasiya khasu n'kupalasa njinga m'chifunga, mwana atamangidwa kumsana ndi chitenje cha agogo akewo. Anafika msanga kuchipatala, mwana analandira jakisoni, anapulumuka. Tsiku loyezetsa magazi sanaliphonyepo, kaya mvula kaya chisanu.

Patapita miyezi adokotala anamwetulira. "Asilikali aja achuluka tsopano. Koma chisamaliro musachisiye."

Lero Pilira ali sitandade 2, ndipo aphunzitsi amadandaula chimodzi chokha: salekeza kulongolola.

Abale anga, anthu akusekani, ena akukwiyirani, mwina ndi apongozi omwe. Mkwiyo umatha, koma mwana sagulidwa pamsika wa Linthipe. Gwirani malangizo a kuchipatala, ndipo mtima musautaye.