Hwindi Amene Mawu Ake Anatsalira Patebulo la Opaleshoni

Ngati chinthu chomwe munkadyera chachoka m'manja mwanu, khalani pansi mumve za Fanwell Kamwendo.

Mu Januwale 2024, Fanwell anaima pa renki ya makombi, maminibasi a kumeneko, ku Kuwadzana mu mzinda wa Harare, pomwe anagwirapo uhwindi, ntchito yoitanira anthu m'kombi, kuyambira ali mnyamata. Anakoka mpweya kuti akuwe monga kale maina a komwe kombi ikupita: "Tauni! Copa!" Chomwe chinatuluka ndi mpweya wokhawokha, ngati tayala likuphwa.

Anayesanso. Palibe anatembenuka.

"Mudhara, mdala wathu, batire yatha?" anatero hwindi wina, anzake n'kufa nako kuseka. "Pitani mukatchaje kaye!"

Fanwell anabwerera kunyumba, natseka chitseko.

Iyeyu anabadwira pa famu ya fodya kufupi ndi Banket, kwa makolo ochokera ku Dedza. Banja lawo litachotsedwa pa famupo mu 2002, sukulu inathera pomwepo. Ku Harare anafika ndi zinthu ziwiri zokha: msana wolimba ndi mawu. Mawuwo anali otchuka. Amayi ogulitsa tomato ankati Fanwell akakuwa, ngakhale yemwe analibe ulendo ankakwera.

Zonse zinasintha mu Sepitembala 2023. Akukweza thumba la chimanga m'kombi, anamva ngati munthu wamung'amba ndi mpeni kuchokera pachifuwa mpaka pakati pa mapewa. Desmond, dalaivala wake, anatsitsa anthu n'kuthamangira naye kuchipatala.

Dokotala wina wachizimayi anafotokozera Tecla, mkazi wa Fanwell, mosabisa. Mtsempha waukulu wotuluka mumtima, womwe iwo amautcha aorta, umakwera pang'ono n'kupindika ngati chigwiriro cha ambulera, kenako n'kutsikira kumimba. Popindikapo pamatuluka nthambi zitatu zopita kumutu ndi kumikono. Khoma la mtsemphawo lili ndi zigawo zitatu. Kwa Fanwell, BP yomwe sanaiyezetsepo inang'amba chigawo cham'kati, magazi n'kulowa pakati pa khomalo, kulisenda ngati khungwa. Kung'ambikako kunafika popindika penipeni.

"Tikadikira, liphulika," anatero dokotalayo. "Tikalowa, mwina apulumuka. Sindikulonjezani kuposa pamenepo."

Mwayi wake, sabata imeneyo kunali gulu la madokotala a mtima ochokera kunja omwe ankathandizana ndi akuno. Anatsegula fupa la pachifuwa. Makina anatenga ntchito ya mtima ndi mapapo. Anaziziritsa thupi lake lonse kuti ziwalo zisamafune mpweya wambiri, kenako anaimitsa magazi m'thupi, kusiya kanjira kamodzi kodyetsa ubongo kudzera mu mtsempha wa pansi pa phewa lamanja. Pa nthawi yochepayo anadula chopindika chonse chong'ambika, nasokererapo paipi yolukidwa ndi ulusi wolimba, nalumikizanso nthambi zitatu zija imodzi ndi imodzi. Atatha anamutenthetsa pang'onopang'ono, mtima n'kuyambanso kugunda.

Koma pansi pa chopindikacho pamadutsa kamtsempha kopyapyala komwe kamayendetsa mbali yakumanzere ya kholingo. Pa opaleshoni ya mtundu uwu nthawi zina kamavulala, ngakhale m'manja mwa katswiri. Kwa Fanwell kanavulala.

Anatuluka m'chipatala ndi malamulo atatu: mapiritsi a BP moyo wonse, kudziyeza m'mawa uliwonse, ndi kusanyamula cholemera. Msana unapita. Mawu anapita.

Chimene chinkamudya kwambiri ndi madzi. Mipopi ikauma, monga imachitira ku Kuwadzana, Tecla ndi mwana wawo Ratidzo ndiwo ankasenza zigubu kuchokera ku mjigo, iye ali pakhonde manja lende. Atabwerako ku renki tsiku lomusekalo, anasiya kumwa mapiritsi.

Tecla anaona kuti botolo la mapiritsiwo silikutsika.

"Bambo a Ratidzo, ichi n'chiyani?"

"Anasoka mtsempha," ananong'ona Fanwell. "Munthuyo anamusiya patebulo pomwepo."

Tecla anaika botolo ndi kapu ya madzi patsogolo pake. "Anthu aja anaimirira tsiku lathunthu kukusokani. Ndiye inu mukufuna kumasula ulusi wawo ndi manja anu? Ine zigubu ndisenza. Bokosi lanu ndiye sindisenza. Imwani."

Anamwa.

Kuchipatala anamutumiza kwa mayi wina wophunzitsa odwala kuyankhula. Mayiyo anamupatsa ntchito yooneka yachibwana: kuika kapaipi komwera zakumwa m'botolo la madzi, n'kumauzira uku akung'ung'udza. Anamuphunzitsanso kuti akamayankhula azitembenuzira mutu kumanzere, kuti mbali yamoyo ya kholingo izikumana ndi yofooka ija. Fanwell ankachita zimenezi pakhonde tsiku ndi tsiku, oyandikana nawo akumuyang'ana ngati wazungulira mutu. Mvula inatha, chisanu chinafika, iye akuwiritsabe madzi m'botolo.

Pofika Juni mawu anabwera, koma osati akale aja. Anali otsika, osasa, ofika pa munthu amene wakhala pafupi basi. Mayi uja sanamunamize: kukuwa kunatha.

Makina oyezera BP anamugulira ndi amayi a Chigwirizano a kumpingo kwawo. Tsiku lina mayi wina woyandikana nawo anapempha kuti amuyezeko, koma nkhani zake sizinkatha.

"Mayi, poyeza sayankhula," anatero Fanwell.

Mayiyo anakhala chete. Mu kachetechete ameneyo Fanwell anazindikira chinthu: nayi ntchito yomwe phokoso limaiwononga.

Anapita kukiliniki kukapempha nesi kuti amuphunzitse bwino: munthu akhale pansi, apume kaye, mkono ukhale pa msinkhu wa mtima. Nesiyo anamuikiranso malire. "Inu si dokotala. Simupereka mankhwala. Mukaona zakwera, mutumizeni kuno."

Fanwell anatenga mpando ndi katebulo, nabwerera ku renki komwe anamuseka. Masabata oyamba kunalibe wobwera. Mahwindi anamupatsa dzina loti Dokotala Nong'onong'o. Kenako amayi a tomato anayamba kubwera, n'kumasiya kangachepe. Madalaivala okha ndiwo ankakana, makamaka Desmond.

"Iwe, ine ndine simbi, chitsulo chenicheni," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Kamakina kakoko kangaphulike."

Mu Novembala 2024, masana ena otentha, Fanwell anaona Desmond atatsamira chitseko cha kombi, akutikita m'maso ndi pakhosi. Kombi inali ikudzaza.

"Achimwene, bwerani mukhale apa."

"Ndi mutu chabe. Ndipo ndikuona ngati utsi, koma ndi dzuwali."

"Khalani."

Anamuyeza, napumitsa, namuyezanso mkono winawo. Manambala anali pamwamba kuposa onse omwe anawaonapo pa tebulolo, kupitirira pomwe nesi anati munthu wa zizindikiro zotere asadikire.

"Simuyendetsa. Mukupita kuchipatala pompano."

"Kombi yadzaza, iwe! Ndikapita ndikabwerako." Desmond anavula lamba wa makina, nakwera, naliza injini.

Fanwell wakale akanakuwa renki yonse n'kuima. Uyu analibe mawu amenewo. Anapita pa chitseko cha okwera, nachigwira kuti chisatsekedwe. Anthu anayamba kudandaula kuti akuchedwa. Iye anamasula mabatani a malaya, naonetsa chipsera chotsika kuchokera pakhosi mpaka pamwamba pa mimba. Phokoso linazima. Anatembenuzira mutu kumanzere monga anaphunzitsidwa.

"Ichi chinandipeza ndili pansi, ndipo ndinagwa ndekha," anatero. "Dalaivala wanuyu BP yake yakwera koopsa, ndipo sakuona bwino. Chikamupeza pa Bulawayo Road, sagwa yekha."

Akumbuyo anafunsa akutsogolo zomwe wanena, mawuwo n'kuyenda mpando ndi mpando. Gogo wina anayamba kutsika ndi dengu lake. Ena onse anatsatira.

Desmond anatukwana mpaka m'galimoto yomwe inamutengera kuchipatala. Anagonekedwa masiku angapo. Atatuluka anabwera ku renki, nakhala pa mpando uja osaitanidwa, natambasula mkono.

"Wandidyetsa manyazi pamaso pa anthu, mfana."

"Poyeza sayankhula, achimwene," anatero Fanwell.

Mu 2025 Fanwell anamaliza maphunziro a wothandizira manesi, ndipo tsopano masiku ena amagwira ku kiliniki ina yapafupi. Masiku otsalawo amakhala pa renki. Zigubu sasenzabe, mapiritsi amamwabe, ndipo chaka chilichonse amakajambulitsa mtsempha wake kuti aone ngati mbali yotsalayo sikufufuma. Kukuwa sadzakuwanso. Koma mukafika pa renkiyo m'mawa mudzamva hwindi yemwe uja wa batire akung'amba kukhosi: "Tauni! Copa! Musanakwere, mkono kwa mudhara Fanwell!"

Inu amene mwaluza chomwe munkadziwika nacho, mwina sichibwerera, ndipo sindikunamizani kuti chibwerera. Fanwell mawu ake akale sanawapezenso. Anatola otsalawo, nawasamalira mpaka anakwana kuimitsa kombi yodzaza. Yang'anani chomwe chakutsalirani, ngakhale chikhale chonong'ona, muchigwiritse ntchito. Pitani mukayezetse BP sabata ino. Ndipo mtima wanuwo, poti ukugundabe, musautaye.