Maluwa a kuguwa ndi maungu a apongozi

Lamulungu lapitali, titaweruka mapemphero kuno ku Nkhulambe, ndinapeza amayi osesa m'tchalitchi akutaya maluwa ofota amene anakongoletsera kuguwa. Ine, mphunzitsi wa sitandade 2 wodziyesa wanzeru, ndinawapempha. Ndinali nditaona pafoni kuti mwana amachangamuka mutu akamaseweretsa maluwa. Amayiwo anandiyang'ana ngati ndapempha zinyalala. Zinalidi zinyalala.

Kunyumba ndinakhala pakhonde ndi Tadala, mwana wanga wa zaka zitatu. Tinkathothola maluwawo n'kumamata pakatoni ndi phala la ufa wachinangwa. Akathothola limodzi, ine kuwomba m'manja, "Wakhoza!" Akamata, ine "Wakhoza!" Katoniyo ndinachita kuyenda nayo kukaonetsa kwa aneba, mapewa m'mwamba.

Chimene ndinaiwala kumuuza mwanayo n'chakuti maluwa ena ali ndi eni ake.

Dziwani, awerengi, kuti ine ndine mkamwini. Pamene ndinamanga nyumba ndi pamalo a apongozi, ndipo kuseri kwa nyumbayo kuli kamunda kawo ka maungu. Maunguwo ndi amene amatiwolotsa chimanga chisanache.

Lachiwiri ndikuchokera kusukulu, Tadala anandichingamira atanyamula beseni lodzaza maluwa achikasu. Ambiri anali kale ndi timaungu kumunsi. Anaima chilili, kudikira kuti bambo ake awombe m'manja. Ndimukalipire? Walakwa chiyani? Wachita ndendende zimene aphunzitsi anamuphunzitsa.

Apongozi sanandilankhule. Kuno apongozi ndi mkamwini sayang'anizana maso ndi maso, ndiye uthenga unadzera mwa mkazi wanga, amene sanachotseko ngakhale liwu limodzi. Akuti amangofunsa ngati mwezi wamawa aphunzitsi adzadya katoni.

Tsamba likagwa, manyazi amagwira mtengo. Manyazi ndinachita, osati pang'ono.

Kodi tilipo angati amene timatola nzeru pafoni n'kuthamanga nazo tisanayang'ane kuseri kwa nyumba yathu? Mayi amene ndinamuona pafoniyo maluwa ake ndi a m'botolo, akafota ntchito yawo yatha. Kuno duwa la dzungu, la nyemba, la nandolo, ndi chakudya chimene sichinakhwime chabe. Mlimi aliyense wa kuno amazidziwa. Amene sankazidziwa ndine, wophunzira uja.

Sindikunena kuti ana asasewere ndi maluwa ofota. Asewere, ndi aulere, ndipo Tadala anasangalala zenizeni. Koma ine phunzirolo ndinalisiyira panjira.

Lachitatu m'mawa ndinamva apongozi ali ndi Tadala m'kamunda kaja. Ankamuonetsa duwa la phesi lalitali lopanda kanthu kumunsi, kuti ili timathyolako pang'ono n'kuphika. Kenako lokhala ndi kadzungu, kuti ili sitigwira. Ankalankhula mokweza kwabasi, chonsecho mwanayo si gonthi. Amene ankaphunzitsidwa anali atabisala kuseri kwa bafa, tawulo lili m'khosi.

Maluwa a m'beseni aja sanatayidwe. Apongozi anawaphika, ngakhale anali atafota, n'kutendera nsinjiro. Masana mkazi wanga anandiyikira mbale patsogolo, akudziluma mlomo kuti asaseke.

"Akuti mudye onse. Maungu anu a mwezi wamawa ndi amenewa."

Ndinadya mutu uli pansi. Nditamaliza n'kukankha mbale, Tadala anasuzumiramo, n'kupeza kuti mulibe kanthu. Anandiyang'ana, n'kuwomba m'manja.

"Wakhoza!"