Mwala umene ndinatola m'nkhalango ya eni

Inu owerenga, zala zitatu za kudzanja lamanja la alamu anga sizipindika, ndipo wochititsa ndine. Nkhani imeneyi yakhala pakhosi panga zaka zingapo. Lero ndati ndiilavule, mwina wina angapulumukirepo.

Ndine mlimi wa mpunga kumadambo a m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, koma ndinabadwira m'tsinde mwa phiri la Michesi. Kunyanja kuno ndinabwera chikamwini. Alamu angawo, a Bonifasi, ndi achimwene a akazi anga, eni mbumba, ndipo munda umene ndimalima anandigawira ndi iwo. Pa kuwokera mpunga panalibe wowaposa. Akawerama m'matope, dzanja lawo linkangoti tsepetsepe, ife kumbuyo tikupukuta thukuta.

Chaka china bungwe lina lothandiza alimi linasankha anthu ochepa kuti akaone mmene anzathu a ku Indonesia amalimira mpunga. Kalabu yathu inatuma awirife. Maphunziro atatha, anatitengera kunkhalango ya pachilumba cha Sumatra kuti tikaone anyani aakulu ofiira amene kumeneko amati orangutani.

Wotiperekeza anali bambo wamfupi wa imvi, wosalankhulalankhula. Tisanalowe m'nkhalango anatiimika, womasulira n'kumatiuza m'Chingerezi. Malamulo anali awiri: musatenge chakudya chilichonse, ndipo nyani akakuyandikirani musathawe, musakuwe, musakweze dzanja.

Ine ndinaseka chamumtima. Ndinawanong'oneza alamu kuti za anyani asandiphunzitse munthu, ndinakulira pamsasa wolondera chimanga, legeni ili m'khosi. Nyani wa ku Michesi ukangowerama ngati ukutola mwala, amaliyatsa liwiro mpaka pathanthwe. Nanga za chakudyazo? Kwathu munthu sayenda ulendo wopanda kamba. Ndinali ndi nthochi ziwiri za kuhotela, ndi mtedza wokazinga umene akazi anga anandimangira m'kansalu kobiriwira kong'amba kuchitenje chawo. Poti ndinalibe chikwama, ndinazilowetsa mwakabisira m'chikwama cha alamu, iwo akumanga zingwe za nsapato.

Abale, nkhalango ija si ya masewera. Dzuwa linali pamutu koma pansi panali chimdima, mpweya wotentha ndi wonyowa ngati uli m'bafa. Tizilombo tinkalira ngati chigayo. Tinkakwera pogwira mizu, kutsetsereka m'matope, misundu ikutimata m'miyendo mpaka masokosi kufiira. Patatha maola atatu, matama anga onse anali atathera m'njira. Ndinkangoganiza kuti munthu utasochera muno, ngakhale mafupa ako sangawapeze.

Kenaka wotiperekeza anaima, n'kuloza m'mwamba. Nthambi zinkawerama pang'onopang'ono. Ndinaona chinthu chaubweya wofiira ngati ndevu za chimanga, mikono yaitali kuposa yanga, kamwana kali kakaka m'nthiti mwake. Anali wamkazi. Nyani wa kwathu amaba akuthamanga, koma uyu anatsika mosapupuluma ngati mwini munda wapeza akuba. Atatiyang'ana, thupi langa lonse linachita tsemwe, chifukwa maso aja anali a munthu.

Anatidutsa tonse, n'kulunjika kwa alamu. Anawagwira pamkono, gwi!

"Alamu, wandigwira," anatero a Bonifasi. "Akufuna chiyani kwa ine?"

Ine ndinkadziwa chimene ankafuna. Wotiperekeza anafunsa motsitsa mawu, kawiri konse, ngati pali amene watenga chakudya. Alamu anapukusa mutu, ndipo sankanama. Inu owerenga, ndikanangotsekula pakamwa, chikwama chija akanachivula n'kuchiponya patali, nkhani n'kuthera pompo. Koma ndinaopa manyazi. Ndinaopa kuti anzathu a m'maboma ena akandiseka kuti wa ku Phalombe waba nthochi za kuhotela. Ndinakhala chete.

Wotiperekeza anatulutsa chipatso chimene ankasungira zoterezi, n'kuyamba kumuitana nyaniyo mofatsa, akubwerera chammbuyo. Anatikwezera chikhatho kuti tisasunthe. Nyani anatembenuza mutu kuyang'ana chipatsocho, koma nthawi yomweyo anawakoka alamu phazi limodzi kulowera kumtengo. Mutu wanga unangoti balala. Ndinaganiza kuti akwera nawo m'mwamba.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza zowerama. Thupi linangochita zimene linazolowera pamsasa paja. Ndinatola mwala, ndinakuwa kuti "Choka!" ndipo ndinagenda.

Mwala unakhudza kamwana kaja. Kanalira ngati khanda la munthu. Mayi wake sanathawe ngati a ku Michesi. Anakweza dzanja la alamu n'kuliika m'kamwa, ndipo ndinamva phokoso ngati munthu akutafuna mzimbe. Alamu anakuwa "Mayo ine!" n'kugwada. Nyani anathothola chikwama kumsana kwawo ngati akuthyola tsamba, n'kukwera nacho.

Tili mkati momanga dzanjalo ndi malaya anga, zinthu zinayamba kugwa kuchokera m'mwamba. Makoko a nthochi. Mtedza. Pomaliza kanatsika kansalu kobiriwira, n'kugwera patsogolo pa alamu. Chitenje cha mlongo wawo ankachidziwa bwino, anagula okha pamsika wa Chiringa. Anakayang'ana, kenaka anandiyang'ana ine.

Ulendo wobwerera sindidzauiwala mpaka kufa. Magazi ankadontha osaleka, malaya aja anachita kuti nyowe. Tinkasinthana kuwabereka pazitunda zoterera. Pena ankatseka maso n'kumatchula mayina a ana awo m'Chilomwe, ine n'kumawagwedeza kuti asagone. Njira yonse ndinkadzifunsa kuti ndikatsika bwanji ndege ndi bokosi, ndikawauza chiyani apongozi anga. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena ndinkangobwereza.

Madokotala a kumeneko anapulumutsa dzanja, koma zala zitatu zinauma. Titafika kumudzi anthu anadzaza pakhonde kufunsa. Ine ndinkangodikira kuti alamu andiyaluse, mwina andilande munda, andilozere njira ya ku Michesi. Alamu anangoti inali ngozi, chilombo cha eni sichidziwa mlendo. Mpaka lero sanasinthe mawu.

Za nkhaniyi anandilankhula kamodzi kokha, tili awiri pamzere wa munda wawo, akuyesa kugwira mbande n'kumawapulumuka.

"Alamu, mwala uja sindiuwerengera, mantha alibe nzeru," anatero. "Koma munthu uja anafunsa kawiri, inu muli chete."

Akanandimenya ndi mpini bwenzi zitapola kale.

Chiyambire pamenepo, mvula ikagwa ndimayamba kuwokera munda wa alamu, wanga pambuyo. Anthu amandiyamikira kuti mkamwini wotere sapezeka, ndipo mawu amenewo amandiwotcha kuposa chitonzo. Amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma nkhwangwa yanga inatera pa munthu wosalakwa.

Inu owerenga, mukapita kwa eni, mverani eni akewo. Nzeru za kumudzi kwanu n'zabwino kumudzi kwanu, ndipo nyama ya kutchire ikakhala ndi mwana musaiyese. Choposa zonse, mukalakwa nenani msanga nthawi ikadalipo. Manyazi amene ndinawathawa akanatha tsiku lomwelo, koma zala za alamu sizidzapindikanso.

Akazi anga anandifunsapo za kansalu kawo kaja, ine n'kunama kuti ndinakaiwala kuhotela. Ndikamaliza kulemba izi ndikawapeza kumunda, ndikawauze kumene kanagwera.