Kilatchi ya Kagalimoto Kofiira

Dzina loti a Jeke sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi anzawo a m'galaja kalekale, tsiku lina jeke yonyamulira galimoto itathyoka iwo n'kudzutsa mbali ya galimoto ndi msana kuti mnzawo asolole mwendo. Msanawo pano unapindika, anzawowo ena anamwalira ena anabalalika, koma dzina linakakamira ngati girisi m'zikhadabo.

Galaja yawo inali kumapeto kwa msewu, pomwe chitunda chimayambira. Munali dzenje logwiriramo ntchito ndi masipanala opachikidwa pamisomali malinga ndi kukula kwake. Magalimoto amakono sankafikako. Amenewo amafuna kompyuta, ndipo a Jeke ankati galimoto yochita kufunsidwa ndi kompyuta kuti ikumva kupweteka pati, imeneyo ndi firiji ya matayala. Akazi awo anali atamwalira. Mwana wawo mmodzi yekhayo ankagwira ntchito kunja, ndipo foni zake zinali za "muli bwanji bambo, ndiyimbanso." Kunena mosabisa, bambowa ankasowa wocheza naye. Tsiku linkatha osatsegula pakamwa, kupatula potsokomola.

Wowayankhulitsa anali mmodzi yekha, dokotala wa mano wopuma pantchito, mwini kagalimoto kofiira ka mipando iwiri, kopanda denga, kafupi moti polowamo umachita ngati ukukhala pansi. Kanali kakale kuposa ana a adokotalawo, ndipo matenda ake anali kilatchi yoterera. Kakafika pachitunda injini inkalira mokweza, fungo la chopserera lili guu, koma liwiro osaoneka.

A Jeke ankadziwa bwino lomwe kuti puleti ya kilatchi yatha, ikufunika ina. Koma amuna achikulire ngati awa sayenderana chabechabe, pamafunika kanthu kowonongeka. Ndiye a Jeke ankangotsikira m'dzenje, n'kupotoza pang'ono nati ya kandodo kokankha kilatchi, kagalimoto n'kuchira kwa milungu ingapo. Ntchito ya kanthawi kochepa ankaikoka mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala ankakhala pa tayala lakale, miyendo atatambasula, akusimba za mabwana amimba amene ankalira ngati makanda pampando wozulira mano. Kunyozana ndiye kosati masewera. Adokotala ankati m'kamwa mwa a Jeke muli ngati mpanda wogumuka. A Jeke ankabweza kuti adokotala amayendetsa phazi lili pa kilatchi ngati telala akupalasa makina. Akamatsanzikana, a Jeke ankadziwa kuti munthu wawo abweranso.

Tsiku lina m'mawa adokotala anatulukira nkhope itagwa, ndipo pa tayala paja sanakhalepo. Anafotokoza kuti dzulo lake ananyamula akazi awo. Pamphambano ya pachitunda china kagalimoto kanakana kukwera, kanayamba kubwerera chambuyo lole ili kumbuyo kwawo. Mwayi wake dalaivala wa loleyo anakhotera kumbali. Mayiwo anatsika n'kulumbira kuti kabokosi kamaliroko sadzakweranso.

"A Jeke, ndiuzeni zoona. Kameneka kangachire?"

A Jeke anayang'ana manja awo. Manyazi anawagwira, mantha nawonso, poganiza kuti mayi uja akanafa chifukwa cha macheza awo.

"Kachira, Adokotala. Koma titsitse giyabokosi."

Pa kagalimoto aka giyabokosi satulutsira pansi. Umayamba wachotsa mipando ndi kapeti, n'kuikokera m'kati momwe mumakhala anthu, ndipo munthu mmodzi sangathe. Adokotala anavala ovolosi ya a Jeke, yomwe inawalekeza m'mawondo. A Jeke ankakankha ali m'dzenje, adokotala akukoka ali pamwamba, aliyense akunena mnzake kuti ndiye alibe mphamvu. Puleti yakale itatuluka inali yosalala ngati mbale yotsukidwa, misomali yake itayamba kale kukanda chitsulo. Adokotala anaitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti dzino lotere iwo akanalizula chaka chatha.

Kwa a Jeke, masiku amenewo anali okoma kuposa onse chimwalirireni akazi awo. Podikira puleti yatsopano adokotala ankabwerabe, ati kudzatsuka mabawuti. M'galaja munkamveka kuseka mpaka wowotcherera zitsulo wa tsidya lina la msewu anasuzumira kudzaona ngati a Jeke ayamba kumwa.

Puleti itafika anailunjika pakati, giyabokosi n'kulowa bwinobwino. Kunatsala nati ija. A Jeke anaima m'dzenje, sipanala ili m'manja. Kungoikunga mopitirira pang'ono, puleti yatsopanoyo ikanayamba kudyeka mwakachetechete, ndipo chaka chisanathe adokotala akanakhalanso pa tayala. Palibe akanadziwa. Anaima choncho nthawi yaitali, mpaka adokotala anafunsa ngati agona m'dzenjemo. Kenako a Jeke anaimanga poyenera pake, n'kuyesa ndi chala kawiri.

Popereka makiyi ankafuna kunena kuti muzikhotako kuno ngakhale popanda vuto. Koma chimene chinatuluka n'choti adokotala achotse phazi pa kilatchi akamayenda. Adokotala anaseka, n'kulonjeza kuti amvera. Ndipo anamveradi, munthu wosamva uja!

Inapita miyezi. A Jeke ankakonza tiwilibala ndi majenereta a anthu, ntchito zongosiya n'kudzatenga. Nambala ya foni ya adokotala anali nayo, koma akanaimba n'kunena kuti chiyani? Munthu sufunsa mnzako ngati galimoto yake yawonongeka.

Masana ena anamva kulira kwa injini kumene sakanakusokoneza ndi kwina. Anatuluka chothamanga, msana ataiwala, akupukuta manja pa ovolosi. Kagalimoto kofiira kankabwera kakunyezimira, mayi aja ali pambali pa amuna awo, mpango ukuuluka. Hutala inalira. Adokotala anakweza dzanja osachepetsa liwiro.

"Kali bwino zedi, a Jeke!"

Kanadutsa, n'kuyamba chitunda. A Jeke anatsala pakhomo dzanja lili m'mwamba, khutu atatchera. Mulungu awakhululukire, mumtima ankapempha kuti kilatchiyo iterere, ngakhale pang'ono pokha. Adokotala anasintha giya pakati pa chitunda, injini inagwira nthawi yomweyo, ndipo kagalimoto kanakwera mpaka pamwamba osaterera.